Madambo ouma a ku Britain amene moyo wake uli mu umphawi wa nthaka

M'dziko la Britain muli malo ena a udzu amene mlimi angawaone ngati opanda phindu, koma akatswiri a zacilengedwe amawasamala kwambiri. Malowa amapezeka kumadera otsika, kawirikawiri osapitirira mamita 300 pamwamba pa nyanja yamcere. Nthaka yake ndi yamcenga ndi timiyala, yosasunga madzi, yopanda conde ndiponso ya asidi wambiri, pakati pa 4 ndi 5.5 pa muyeso wa pH.

Alimi a kumpoto kwa Zambia amaidziwa nthaka ya asidi, ndipo amathiramo laimu kuti cimanga cikule bwino. Koma pa malo otetezedwawa, laimu ndi feteleza ndi adani. Nthaka ikalemera, udzu wautali umakula msanga ndi kuphimba zomera zing'onozing'ono. Ikakhala yosauka, udzu umakhala waufupi, maluwa aang'ono ndi ndere zimapeza kuwala, ndipo pamatsala mipata ya mcenga yotenthedwa ndi dzuwa. M'mipatayi ndi mmene njuci ndi mavu okumba pansi, ziwala ndi nkhululu zimaswana.

Dera lodziwika bwino ndi Breckland, m'malire a zigawo za Norfolk ndi Suffolk kum'mawa kwa England. Kumeneko kumaswana mbalame yochedwa stone-curlew, ya maso aakulu acikasu, imene imaikira mazira ake pansi poyera. Kumafikanso mtundu wina wa lumbe umene umabwera pakati pa Africa, makamaka kumwera kwa dziko la Congo, ku Ulaya kukazizira.

Kwa zaka mazana ambiri, nkhosa ndi akalulu okhala m'mauna ndi zimene zinali kusunga udzu wa ku Breckland uli waufupi. Zinthu zinasintha. Kuyambira mu 1922, boma linabzala mitengo ya paini pa malo aakulu amene lero ndi nkhalango ya Thetford, ndipo malo ena anasanduka minda. Mu 1953 munabuka matenda a myxomatosis amene anapha pafupifupi akalulu onse m'dzikolo. Posowa zodya udzu, zitsamba ndi mitengo zinayamba kumera, ndipo mbalame zoikira pansi zinasowa poswanirana. M'zaka za m'ma 1980, mabanja a stone-curlew m'dziko lonselo sanali kufika 200. Bungwe loteteza mbalame la RSPB litagwirizana ndi alimi kuti azisunga zisa ndi kusiya malo oyera, ciwerengeroco cinakwera kuposa mabanja 300.

Izi zinaphunzitsa osamala malowa kuti kuchinga mpanda ndi kucokapo si kuteteza. Masiku ano amadyetsapo nkhosa kapena ng'ombe zowerengeka, kuti udzu usatalike komanso usathe. Amadula zitsamba ndi timitengo. Akacheca udzu amaucotsapo, cifukwa ukawolera pomwepo umasanduka manyowa. Nthawi zina amapala dala nthaka yapamwamba kuti mcenga uonekere. Ku Weeting Heath, bungwe la Norfolk Wildlife Trust limasunga akalulu kuti agwire nchito imeneyi. Ku New Forest, kumwera kwa England, mahachi ndi ng'ombe za anthu a m'deralo zimadya momasuka malinga ndi ufulu wakale wa msipu. Ku Richmond Park mu mzinda wa London, nyama za mtundu wa mbawala zoposa 600 ndi zimene zimadya udzuwo.

Vuto limene latsala ndi locokera mumlengalenga. Utsi wa magalimoto ndi mpweya wocokera m'makola a ziweto uli ndi naitirojeni, amene amagwa pansi ndi mvula ndi kulemeretsa nthaka pang'onopang'ono. Ndico cifukwa cake nchito yodyetsa ziweto, kudula zitsamba ndi kupala nthaka iyenera kucitika caka ndi caka. Ikaima kwa zaka zocepa cabe, malowo amasanduka thengo, ndipo zamoyo zimene zimadalira mcenga wotentha zimacoka.