Khirisimasi ya achimwene ku Ulaya: ndalama palibe, nsima ndi yachikasu

Pa msika wa Balaka pali funso limodzi lomwe amayi anga atopa nalo. Ukangolowa mwezi wa Disembala, anzawo a kumbali ya nsomba amayamba: "Inu amake mnyamata wa ku Ulaya, chaka chino watumiza zingati?" Amayi amangoseka n'kupitiriza kuika matemba awo m'milu. Yankho ndi lomwe lija la chaka chatha. Palibe ngakhale tambala.

Achimwene anga ali ku Italy, zimenezo n'zoona. Koma sadapite kukasaka maganyu ngati anyamata athu a ku Joni. Iwo ndi mmishonale. Adayamba maphunziro awo pa seminale ya pompano pa Balaka, yomwe imaphunzitsa anyamata a zipani zosiyanasiyana za ansembe, ndipo akuluakulu awo adawatumiza kumpoto kwa Italy kuti akapitirize sukulu kwinaku akuthandiza pa parishi. Khirisimasi ikubwerayi ndi yachitatu asadaponde kwathu.

Inu a malonda mukudziwa kuti mwana akapita kunja, pakhomo pamasintha. Malata amakwera, feteleza amagulidwa nthawi yabwino. Koma mmishonale amachita malumbiro atatu: umphawi, kusakwatira ndi kumvera. Kangachepe komwe angalandire kamalowa m'thumba limodzi la nyumba yomwe akukhala. Ngakhale tchuthi sadzipatsa yekha, amachita kupatsidwa, ndipo nyengo ya Khirisimasi ndiye ntchito imachuluka zedi. Tsono kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mpamba wa amayi n'kusungunuka ngati mchere m'madzi, munthu wa ku Ulayayo adatitumizira mapemphero basi.

Ndisakubiseni, ine zidandiwawa. Ndidalemba mayeso a Fomu 4 n'kukhoza, koma ya koleji idasowa. Bambo adatisiya kale. Ndi tindalama ta nkhani zomwe ndimalemberazi tomwe timagula sopo ndi mchere pakhomo. Tsiku lina ndidawalembera achimwene pa WhatsApp kuti iwo akudya bwino kwa azungu, ife kuno tikupalira ndi njala. Adangoyankha kuti andiimbira. Ataimba sadadziteteze ayi, adangondifotokozera za Khirisimasi yawo yoyamba.

Akuti kumeneko Disembala ndi mwezi wa chisanu choluma mafupa, chosayerekeza ndi cha Juni cha ku Dedza. Dzuwa limalowa 5 koloko isadakwane. M'misewu mumakhala magetsi okongola, m'matchalitchi ndi m'nyumba amamanga timakola ta Betelehemu, m'masitolo mumadzaza keke yotchedwa panettone. Koma pa Misa ambiri ndi okalamba, ng'oma kulibe, nthungululu kulibe. Misa ikangotha aliyense amathamangira kwake n'kutseka chitseko, pakuti kumeneko Khirisimasi ndi ya pabanja. Wopanda banja ndiye amaziona. Achimwene akuti atadya ndi ansembe okalamba a m'nyumba mwawo adakalowa kuchipinda, Chitaliyana chikadali chopereweza moti ana a katekisimu ankawaseka, ndipo adalira ngati mwana wa sitandade 1.

Chaka chachiwiri zidasinthako. Madzulo a pa 24 adakhala ndi anyamata a ku Africa kuno omwe adawoloka nyanja ya Mediterranean pa timabwato kuchokera ku Libya ndi ku Tunisia, ena mwa iwo Asilamu, onse opanda kwawo. Tsiku la Khirisimasi lenilenilo gogo wina wa pa parishipo adawaitanira kunyumba kwake n'kuwaphikira polenta. Abale anga, polenta ndi nsima, ya ufa wa chimanga chachikasu, yovundulidwa ndi mthiko ngati yathu yomweyi. Gogoyo adati mlongo wake naye adapita ku Africa ali mnyamata kukagwira ntchito ya umishonale, ndipo mayi wawo ankaika mbale yake pa tebulo Khirisimasi iliyonse, mwini wake kulibe.

Nkhani ya mbale imeneyi ndi yomwe idanditsekula maso. Ife a ku Balaka ndi ku Machinga takulira pakati pa ana a anthu ena, koma sitidadzifunsepo kuti amayi awo ankamva bwanji. Ansembe a chipani cha Montfort adafika m'dziko muno mu 1901 n'kuyamba ntchito ku Nzama m'boma la Ntcheu, ndipo mu 1908 adatsegula mishoni ya Utale kuno kwathu. Nthawi imeneyo foni kudalibe, kalata inkayenda pa sitima ya pamadzi. Episkopi woyamba wa dayosizi ya Mangochi, yomwe imafika ku Machinga ndi ku Balaka, adali Ambuye Alessandro Assolari, ochokera m'chigawo cha Bergamo, kumpoto kwa Italy komwe polenta ndiye chakudya.

Kuchokera ku Bergamo komweko kudabweranso Bambo Mario Pacifici mu 1977, ali mnyamata wa zaka za m'ma 20, msinkhu wa achimwene angawa. Taganizani Khirisimasi yawo yoyamba: munthu wozolowera chisanu afike m'chigwa chotentha cha Balaka, udzudzu uli ng'wee, misewu ili matope okhaokha, Chichewa chikuvuta. Akadafuna akadabwerera. Koma mu 1978 adasonkhanitsa anyamata n'kuyambitsa Alleluya Band, momwe mudatulukira Paul Banda ndi mng'ono wake Lucius, yemwe adatisiya mu Juni 2024. Mu 1984 kudabadwa Andiamo, liwu la Chitaliyana lotanthauza kuti "tiyeni", komwe achinyamata ambiri aphunzirako ntchito zamanja. Amati mlendo ndi mame, koma mame awa sadakamuke.

Ndipo ulendo wa mmishonale si wa kusungulumwa kokha, nthawi zina umafika pa moyo weniweni. Kalata ya maepiskopi ya pa 8 Malichi 1992, ija idagwedeza boma la chipani chimodzi, idasindikizidwa pa makina a a Montfort pa Balaka pano. Pasadapite nthawi malowo adatenthedwa, ndipo Monsinyo John Roche wa ku Ireland, yemwe ankatsogolera dayosizi ya Mzuzu, adathamangitsidwa m'dziko muno. Abale awo ku Ulaya ankangomvera pa wailesi, mtima uli m'mwamba.

Lero zinthu zatembenuka. Ku Ulaya anyamata olowa unsembe achepa, ndiye ana athu ndi amene akupita kukaima pa guwa kumeneko. Ngongole yomwe tidatenga kwa amayi a ku Bergamo, akubweza ndi amayi anga, wogulitsa matemba a ku Chilwa.

Khirisimasi yathayi tidapita kumudzi kwathu cha ku Ntaja, monga timachitira chaka chilichonse. Amayi adatseka benchi pa 24 masana, titakwera minibasi yodzera ku Liwonde, nkhuku ili pamwendo. Kwathuko ambiri ndi Asilamu, ndipo mpunga wa Khirisimasi timagawana nawo monga iwo amatigawira pa Idi. Mango adali mbwee, chimanga chili m'mawondo, m'nkhokwe muli mbee. Titabwera ku tchalitchi ndidakwera pa chulu kusaka netiweki. Wotchi ya ku Italy nyengo imeneyi imatsalira ndi ola limodzi, ndiye tidawapeza achimwene akungotuluka m'Misa.

Ine ndinkayembekeza kuti amayi anena za feteleza wobereketsa yemwe adali asadapezeke. Adangogwira foni ndi manja awiri n'kufunsa: "Bambo, mwadya? Alipo wakuitanirani kunyumba kwake?" Atamva kuti gogo uja wawaitananso, adapumira m'mwamba n'kunena kuti mukamuthokoze mayi mnzangayo. Kenako mvula idayamba, netiweki n'kuthawa.

Sindinena kuti mtima wanga udapoleratu. Feteleza tidachita kukongola, ndipo ngongoleyo ndabweza ndine. Ndikaona anzanga akumanga ndi ndalama za abale awo a ku Joni, mafunso amabwerabe. Koma ndidasiya kuganiza kuti achimwene ali pa tchuthi ku Ulaya. Pa Khirisimasi ine ndimadya ndi amayi, iwo amadya kwa eni.

Inu amene mudagonapo pa chipata cha Songwe kapena cha Mwanza ndi katundu wa oda, anzanu akudyerera kunyumba, mukudziwa kuwawa kwake. Tsono chaka chino tayang'anani bwino pa tchalitchi panu. Mwina pali sisiteri wa ku India, mseminale wa ku Congo kapena ku Kenya, mwina m'busa wachinyamata wochokera kutali. Akabwera pa benchi panu musamukwezere mtengo poti ndi mlendo, muikireniko basela. Ndipo Misa kapena mapemphero akatha, musamusiye abwerere yekha kuchipinda. Muitanireni kunyumba, ngakhale ndiwo zikhale matemba. Kwinakwake kuli mayi yemwe akufunsa ngati mwana wake wadya. Paja mwana wa mnzako ngwako yemwe.