Mizinga Pansi pa Matumba a Simenti

Pa 9 Disembala 2002, asilikali apamadzi a dziko la Spain analamula sitima yotchedwa So San kuti iime pa nyanja ya Arabia. Sitimayo, yomwe inachokera ku North Korea ndipo inalibe mbendera, inakana. Asilikaliwo anaombera zingwe zomwe zinkatchinga pamwamba pake, kenako anatsikiramo kuchokera mu helikoputa. Zikalata zinkati yanyamula simenti, ndipo simentiyo analimodi. Koma atafukula matumbawo anapeza mizinga 15 ya mtundu wa Scud, mitu yake ya mabomba 15, komanso mankhwala oyendetsera mizingayo.

Mwini katundu sanachedwe kudziwika. Boma la Yemen, motsogozedwa ndi Ali Abdullah Saleh, linati mizingayo linagula mwachilungamo ndipo likuifuna. Patangopita masiku awiri, America, yomwe inali italandira sitimayo kuchokera kwa asilikali a Spain, inailola kupitiriza ulendo, poti panalibe lamulo la mayiko onse loletsa malondawo. Yemen inalinso bwenzi lake pankhondo yolimbana ndi al-Qaeda.

Nkhaniyi inaika poyera kufooka kwa mgwirizano wa Missile Technology Control Regime, MTCR mwachidule. Unakhazikitsidwa mu 1987 ndi mayiko asanu ndi awiri: America, Britain, Canada, France, West Germany, Italy ndi Japan. Mayikowa anagwirizana zopewa kugulitsa mizinga yotha kunyamula katundu wolemera makilogalamu 500 n'kuuluka mtunda wa makilomita 300 kapena kupitirira. Lero mamembala alipo 35, ndipo mu Africa muli South Africa yokha, yomwe inalowa mu 1995. Vuto n'lakuti si pangano lomanga dziko mwalamulo. Membala aliyense amadzilondera yekha, ndipo North Korea, Iran ngakhalenso China sali m'gululi.

Pofuna kutseka mpatawo, mtsogoleri wa America panthawiyo, George W. Bush, analengeza ku Kraków m'dziko la Poland mu Meyi 2003 ndondomeko ya Proliferation Security Initiative, yoti mayiko azithandizana kusecha sitima ndi ndege zokayikitsa. Mu 2006 nthambi yoona zachitetezo ya United Nations inaletsa North Korea kugulitsa mizinga kunja.

Koma mzinga ukagulitsidwa, wogulitsa sadziwa amene adzaugwire mawa. Mu 2014 gulu la a Houthi linalanda mzinda wa Sanaa, likulu la Yemen, ndipo zida zambiri za boma zinagwera mbali yawo. Mu Juni 2015 mzinga wa Scud unaponyedwa ku Saudi Arabia kuchokera ku Yemen.

Malondawa sanathe. Akatswiri a United Nations anapeza kuti zidutswa za mzinga womwe unagwera mumzinda wa Kharkiv ku Ukraine pa 2 Januwale 2024 zinali za Hwasong-11 wa ku North Korea. Mu Malichi chaka chomwecho, Russia inakana kuti akatswiriwo awonjezeredwe nthawi, ndipo ntchito yawo inathera pa 30 Epulo.