Chikomekome cha Nkhuyu: Za Nyumba Zong'aluka ku Chama

Tsiku lolandira nyumba yatsopano ya sukulu limakhala la chikondwerero m'mudzi monse. Amayi amalawirira kukasesa bwalo, ana amavala zochapa, ng'oma zimalira, ndipo akuluakulu ochokera ku boma amafika pa galimoto fumbi lili koboo. Makoma amakhala akuwala ndi penti, malata ali ng'aning'ani padzuwa. Akadula kansalu ka pakhomo, nthungululu zimamveka mpaka kutsidya kwa mtsinje. Pa tsikuli palibe amene amafunsa za maziko, pakuti mazikowo adakwiririka kalekale.

Koma lipite dzinja limodzi kapena awiri. Mng'alu umayambira pa ngodya ya zenera n'kutsetsereka mpaka pansi. Simenti ya pansi imayamba kunyenyeka, kotero kuti ana akamasesa m'mawa amatulutsa mchenga wodzaza m'manja. Chitseko chimakana kutsekeka. Tsiku lina mphepo yotsogolera mvula yoyamba imanyamula denga lonse n'kukalitaya m'munda mwa munthu, ana n'kubwerera pansi pa mtengo womwe uja adachokapo. Makolo athu adanena kuti chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Zoterezi si zachilendo m'dziko muno. Malipoti a Auditor General, mkulu wolondoloza ndalama za boma, akhala akutchula kawirikawiri za makoma ong'aluka, ntchito zosiyidwa panjira ndi zipangizo zolipiridwa koma zosafika. Tsono ngati pali malo amene vutoli limapweteka koposa, ndi malo akutali monga Chama.

Ulendo wa thumba la simenti

Chama ndi boma lalikulu la m'chigwa cha Luangwa, dziko la Asenga, la mafumu monga Kambombo, Tembwe, Chikwa ndi Chifunda. Mu 2011 lidachotsedwa m'chigawo cha Kum'mawa n'kuikidwa m'chigawo chatsopano cha Muchinga, ndipo mu 2021 lidabwezedwanso Kum'mawa. Kusamuka kwa pa mapepalaku sikudafupikitse msewu ndi phazi limodzi lomwe. Mafakitale a simenti ali cha ku Lusaka ndi ku Migodi. Thumba lochokera ku Chilanga, likadzera ku Chipata ndi ku Lundazi, limayenda makilomita opitirira 800 lisanafike pa boma la Chama, ndipo pamenepo ulendo wa kumidzi usanayambe. Nthawi ya dzinja mitsinje yothamangira ku Luangwa imadula misewu, ndipo lole imatha kugona pa matope masiku angapo. Motero simenti, malata ndi zitsulo zimafika zitakwera mtengo, ndipo chimene chamangidwa molakwika sichikonzedwa msanga.

Komanso zaka zino kukumangidwa zambiri kuposa kale. Thumba la chitukuko la CDF, limene lidayamba mu 1995, linkapereka K1.6 miliyoni ku dera lililonse la phungu wa Nyumba ya Malamulo mu 2021. Mu 2022 ndalamazo zidakwera kufika pa K25.7 miliyoni, kutanthauza kuti Chama North ndi Chama South aliyense adaikiridwa zakezake, ndipo mu 2025 zidafika pa K36.1 miliyoni. Chaka chomwecho cha 2022 maphunziro aulere adadzaza makalasi. Midzi imene idadikira zaka makumi angapo yayamba kuona zipinda zophunziriramo, zipatala zing'onozing'ono, nyumba zochiliramo amayi ndi nyumba za aphunzitsi. Mwayi wotere subwera kawiri pa mudzi umodzi. Sukulu ikamangidwa mwachinyengo lero, m'mabuku a boma mudzalembedwa kuti mudziwo udalandira kale, ndipo ana amene sadabadwe ndiwo adzalipire.

Kumene chinyengo chimabisala

Nyumba yoipa siionongeka pa tsiku limene yagwa. Imaonongeka m'masabata oyamba a ntchito, pa zinthu zimene pulasitala ndi penti zimadzaphimba pambuyo pake. Tiyeni tiziyendere chimodzichimodzi.

Choyamba ndi maziko. Malo ambiri a m'chigwa, makamaka m'madambo ndi momwe mumamera mitengo ya tsanya, ali ndi dothi la makande. Dothi limeneli ndi bwenzi la mlimi wa mpunga, poti limasunga madzi, koma kwa womanga nyumba ndi mdani. Dzinja limafufuma, chilimwe limauma n'kung'ambika mpaka phazi la mwana kulowamo. Nyumba yokhala pa dothi lotere imakwezedwa ndi kutsitsidwa chaka ndi chaka. Mmisiri woona amakumba mpaka atapeza dothi lolimba, amachotsa makande pansi pa chipinda n'kuthiramo dothi la tsangalabwi lotsenderedwa bwino, ndipo amaika zitsulo m'konkire ya maziko. Wachinyengo amakumba mpaka m'mawondo, dzuwa likamuwawa n'kunena kuti zakwana.

Chachiwiri ndi kasakanizidwe. Pa konkire ya pansi ndi ya pamwamba pa mazenera, amisiri ambiri amatsata muyezo wa ndowa 1 ya simenti, ndowa 2 za mchenga ndi ndowa 4 za miyala. Apa ndiye pamene pamabedwa kwambiri, chifukwa konkire yochepa simenti imaoneka chimodzimodzi ndi yabwino ikadali yaiwisi. Matumba khumi akalembedwa, asanu ndi awiri amalowa m'nyumba, atatu n'kutuluka usiku pa njinga. Chimodzimodzinso ndi mabuloko: woumba akafuna kuti thumba limodzi libale mabuloko ochuluka, amatulutsa zinthu zoti ukazikanda ndi msomali zimayoyoka. Mchenga nawo uli ndi mlandu wake. Wa mumtsinje, wokhakhala ndi woyera, ndiye wofunika. Wosakanizika ndi matope umaletsa simenti kugwira. Ngakhale simenti yeniyeniyo imakalamba. Ikakhala miyezi yambiri m'sitolo, kapena ikalowa chinyontho pa ulendo, imachita mibulu ndipo mphamvu yake imachepa.

Chachitatu ndi madzi. Ambiri amaganiza kuti konkire imalimba chifukwa chouma. Si choncho ayi. Simenti imalimba pamene ikumwa madzi pang'onopang'ono, ndipo akatswiri amayeza mphamvu yake patapita masiku 28. N'chifukwa chake konkire yatsopano iyenera kuthiriridwa ndi kuphimbidwa ndi udzu kapena masaka onyowa kwa masiku osachepera 7. Nanga m'chigwa muno, mwezi wa October, pamene dzuwa limaswa mtengo ndipo mjigo uli kutali, ndani amachita zimenezi ngati palibe womuyang'anira? Konkire youma tsiku limodzi ili ngati nsima yophulidwa isanapse: maonekedwe ndi a nsima, koma m'kati ndi ufa.

Chachinayi ndi denga. Pamwamba pa mazenera payenera kuzungulira lamba wa konkire wokhala ndi zitsulo, womanga makoma onse pamodzi, ndipo mitengo ya denga iyenera kumangiriridwa ndi waya wokhuthala wolowa m'khoma mizere ingapo pansi. Denga longosanjikidwa, lodalira misomali ndi njerwa zotsamiritsa, limadikira mphepo basi. Matabwa aawisi amapindika, osapakidwa mankhwala amakhala ndiwo za chiswe, ndipo malata opyapyala amang'ambikira pa misomali ngakhale pa pepala padalembedwa mtengo wa malata ochindikala.

Mlandu ndi wa yani?

N'kwapafupi kuloza chala mmisiri wogwira chipande cha matope, koma kawirikawiri iye ndiye wotsiriza pa mzere. Patsogolo pake pali kontrakitala amene adalonjeza mtengo wotsika kuti apambane ntchito, osawerengera kutalika kwa msewu, ndipo tsopano akufuna kubweza phindu lake pa simenti. Pena pali amene adapata ntchitoyo chifukwa cha chibale kapena chipani, chonsecho sadagwirepo njerwa. Pena pali kangachepe kamene kadaperekedwa mumdima, ndipo ndalama ya chiphuphu siichokera m'thumba la woperekayo, imachokera m'maziko. Palinso malipiro ochedwa, amene amachititsa kuti makoma akhale dzinja lathunthu opanda denga. Ndipo injiniya wa khonsolo, amene ayenera kuona ngalande ya maziko isanakwiriridwe, angakhale ndi ntchito zambiri zotalikirana, galimoto imodzi ndi mafuta operewera.

Tisadzipatule ifenso eni nyumba. Bambo wagulitsa mpunga, thonje kapena fodya, ndipo akufuna nyumba ya zipinda zisanu ndi ndalama ya zipinda zitatu. Mmisiri akamuuza chiwerengero cha matumba, iye amati wadula, n'kupita kwa wina wovomera chilichonse. Zomwezi zimachitika pomanga matchalitchi a m'nthambi zathu, pamene tithamangira kuti nyumba ithe tsiku la mwambo lisanafike. Akhristu aumba njerwa, amayi atunga madzi mpaka makosi kuwawa, koma pa zitsulo ndi simenti timati tidzaona m'tsogolo.

Si kumudzi kokha

Wina angaganize kuti awa ndi mavuto a anthu osauka a kutali ndi mzinda. Iyayi. Pakati pa Lusaka, m'mbali mwa msewu wa Cairo, pali Society Business Park, imene idamangidwa pokonzanso Society House, nyumba yosanja imene idapsa mu 1997. Ndalama zake zidachokera ku NAPSA, thumba la penshoni la anthu ogwira ntchito. Mu October 2024 bungwe la NAPSA lidatseka malo onsewo, hotela, masitolo ndi maofesi omwe, akatswiri atapeza kuti nsanamira zina sizikadatha kusenza katundu wake. Mwamwayi anthu adatulutsidwa ngozi isanachitike.

Ku George, m'dziko la South Africa, mwayi wotere padalibe. Pa 6 May 2024 nyumba yosanja kasanu, imene inali isanathe kumangidwa, idagwera antchito ake ndi kupha anthu 34, ena mwa iwo ochokera ku Malawi ndi ku Mozambique amene adapita kukafuna ganyu. Lipoti la kafukufuku limene lidatuluka mu 2025 lidasonyeza kuti konkire inali yofooka kuposa muyezo, ndiponso kuti ming'alu idaoneka nthawi isanathe, koma m'malo moimitsa ntchito adangoimata. Nyumba imachenjeza isanagwe. Chosowa ndi munthu woimvera.

Pamene zili choncho, kumathero a misewu iwiri yotuluka m'Chama kuli mboni zina. Ku Lundazi kuli nyumba ya njerwa yotchedwa Castle, imene bwanamkubwa wa boma Errol Button adayamba kumangitsa kumapeto kwa zaka za m'ma 1940. Kutsidya kwa Luangwa, kupitirira Matumbo, kuli nyumba yaikulu ya Shiwa Ng'andu ya Stewart Gore-Browne, ya njerwa zootchedwa pomwepo zaka za m'ma 1920 ndi 1930. Ulemu udapita kwa azungu, koma manja amene adaumba, kuotcha ndi kuyala njerwazo anali a makolo athu, ndipo makoma ake ali chiimire. Luso lilipo m'dziko muno. Chimene chachepa ndi kudekha ndi kuona mtima.

Maso a mudzi

Kuongola mtengo m'poyamba. Nthawi yoteteza nyumba si tsiku la nthungululu, koma masiku amene ngalande ili yotsegula ndipo simenti ikusakanizidwa. Pa zimenezi sipafunika digiri.

Komiti ya sukulu, ya chipatala kapena ya chitukuko cha m'wodi ili ndi ufulu wofunsa dzina la kontrakitala, mtengo wa ntchito ndi mndandanda wa zipangizo. Ifunsenso ngati iyeyo adalembetsa ku National Council for Construction, bungwe limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 2003 ndipo limaika makontrakitala m'magulu 6 molingana ndi mphamvu zawo. Pakhale buku lolembamo matumba ofika ndi matumba otsegulidwa tsiku lililonse, ndipo mapepala a matumba otha asungidwe kuti awerengedwe. Mchenga muuyese m'botolo: thirani mchenga mpaka pakati, onjezani madzi, khutchumulani, ndipo muusiye usiku wonse. Matope amakhala pamwamba pa mchenga, ndipo akachuluka, mchengawo ukanidwe. Njerwa ziwiri zopsa bwino mukazigundanitsa zimalira ngati chitsulo. Buloko labwino mukaligwetsa kuchokera m'chiuno siliphwanyika. Maziko asakwiriridwe injiniya asanaone, ndipo amene ali ndi foni ajambule zitsulo konkire isanathiridwe. Za kuthirira konkire, mudzi ungathe kugawana masiku monga timachitira pa maliro ndi pa ukwati.

Dziwaninso kuti pa mapangano a ntchito za boma pamakhala gawo la ndalama limene limasungidwa kwa miyezi ingapo nyumba itatha, kuti zolakwika zikaoneka kontrakitala abwere kudzakonza ndi ndalama zake. Choncho mng'alu ukaoneka, lembani kalata ku khonsolo msanga, musunge ina yofanana nayo, ndipo amfumu ndi khansala adziwe. Lamulo la CDF la 2018 lidaika woimira mafumu ndi woimira mipingo mu komiti yosankha ntchito, kotero makomiti athu a Chilungamo ndi Mtendere ali ndi khomo logogodapo. Ndipo popeza thumba lomweli lili ndi gawo lolipirira achinyamata maphunziro a ntchito zamanja, titumize ana athu, anyamata ndi atsikana omwe, akaphunzire umisiri m'masukulu monga Chipata Trades. Mmisiri wa pamudzi sathawa ntchito yake, poti mwana wake adzakhala pansi pa denga lomwelo.

Kwa inu amisiri, mawu ndi ochepa. Mwini nyumba saona zimene mwaika m'maziko, koma mvula idzaziona, ndipo dzina lanu lidzatchulidwa nthawi zonse pamene anthu akuloza khomalo, kaya moyamika kaya modandaula. Kwa ife tonse, tsiku lina tikadzaitanidwa kukalandira nyumba yatsopano, tidzavine ndithu. Koma amene adzavine ndi mtima wokhazikika ndi okhawo amene adaima pa ngalande ija, padzuwa, akuwerenga ndowa za mchenga.