Kalulu wa m'komboni ndi njovu ya ku Mfuwe

Magetsi akathima ku komboni ya Kanyama kapena ya George, wailesi ya kanema ili zii, agogo ena amakumbukira ntchito yawo yakale. "Padangokhala!" Ana n'kuvomera, "Tili tonse!" Basi Kalulu walowa m'nyumba.

Nthano imene imafika pamtima kuno ndi ya chitsime. Kutagwa chilala, nyama zinapangana zokumba, Kalulu anakana. Madzi atatuluka, yemweyo ankabwera usiku ndi uchi, kunyengerera mlonda mpaka alole kumangidwa, kenako n'kutunga, n'kusambamo. Fisi anapusitsidwa, Mkango chimodzimodzi. Amene anamugwira ndi Fulu, wonyozeka uja, atadzipaka ulimbo kumsana.

Mwana amene amalawirira ndi chigubu kukaima pamzere wa madzi safuna womumasulira nthanoyi. Akudziwa kale kuti okumba ndi ena, okumwa ndi ena, komanso kuti mlonda amagulika ndi kauchi. Ndipo ku Kanyama, kumene kolera inasautsa anthu mu 2017 ndi 2018, zoti wina asambe m'madzi akumwa si zoseketsa.

Akuluakulu andale nawo amadziwa kuti nyama za m'nthano zimaluma. Pa 1 Januwale 2004, nyuzipepala ya The Post inasindikiza nkhani ya Roy Clarke, wodziwika kuti Kalaki, yonena za njovu yotchedwa Muwelewele yolamulira nyama ku Mfuwe. Boma linaona kuti njovuyo ndi Pulezidenti Levy Mwanawasa, ndipo nduna ya zam'dziko, Ronnie Shikapwasha, inalamula kuti Clarke, mbadwa ya ku Britain, achoke m'Zambia. Khoti lalikulu linakana lamulolo chaka chomwecho. Boma linachita apilo, koma mu 2008 linagonjanso.

Chondidetsa nkhawa n'chakuti ana a m'makomboni akumva nthanozi mwa apo ndi apo, agogo ambiri ali kumudzi. Bungwe la Lubuto linatsegula laibulale ya ana ku Kamwala mu 2007 ndi ina ku Garden mu 2010, ndipo kumeneko ana amawerengeredwa nthano. Ndi ntchito yotamandika, koma mwana wa ku Chawama kapena ku Mtendere sangayende mtunda wonsewo tsiku ndi tsiku. Tikusowa timabuku totchipa ta m'Chinyanja, togulitsidwa pa msika wa Soweto pambali pa makope, momwe Kalulu akukwera minibasi ya ku Matero ndipo Fulu akufunsa khansala kumene kunapita ndalama za ngalande.