Wailesi ya Poto ndi Kobiri la Ola Limodzi

Cakumapeto kwa caka ca 1949, m'masitolo a ku Lusaka ndi a ku Migodi munaoneka katundu wacilendo. Cinali cinthu cobulungira, copaka utoto wa buluu, kukula kwace ngati poto wophikira nsima ya anthu atatu, ndipo cinali kukhala pamwamba pa bokosi lolemera. Azungu anacicha Saucepan Special, ndiko kunena kuti wailesi ya poto. Mtengo wace unali £5. Bokosi la pansi lija linali batire, ndipo mtengo wa ilo unali masileni 25. Anthu ambiri amene anaima pa zenera la sitolo anayang'anitsitsa mtengo woyambawo, nauwerenga ndi malipiro ao. Wochenjera anayang'ana waciwiri.

Mau a pa wailesi anayamba kumveka kucokera ku Lusaka m'caka ca 1941, pa nthawi ya nkhondo yaikuru ya Hitler. Boma linafuna kuti anthu amve za asilikari ao amene anapita kutali. Koma wailesi za masiku amenewo zinali za Azungu ndi Amwenye, pakuti zinali zodula ndipo zambiri zinafuna nyumba ya magetsi. Cotero Boma linaika wailesi imodzi pa boma, ina pa bwalo la mfumu, ina m'holo ya m'komboni. Zimenezi sizinathandize kwenikweni. Munthu wocoka ku nchito ali wotopa sanafune kuyendanso mtunda kukamvera nkhani pakati pa phokoso, ndipo amai, amene madzulo ali pa moto, sanali kufikako konse.

Bambo Harry Franklin, amene anali mkuru wa Ofesi ya Nkhani mu Northern Rhodesia, anaona kuti nyumba youlutsira mau iri cabe ngati anthu alibe comvera m'nyumba zao. Anakhala zaka zingapo akupempha makampani a wailesi kuti apange wailesi ya munthu wosauka, koma iwo anakana, poyesa kuti munthu wakuda sadzagula. Potsiriza inabvomera kampani ya Ever Ready ya ku Britain. Tsono cinthu coyenera kucisunga m'mutu ndi ici: nchito yaikuru ya kampani imeneyo inali kupanga mabatire. Wopanga wailesi amagulitsa kamodzi, nayembekeza zaka zambiri asanamuonenso wogulayo. Wopanga mabatire amadziwa kuti wailesi iri yonse yolowa m'mudzi idzabweza mwini wace ku sitolo miyezi itatu isanathe bwino. M'menemo munalibe cinyengo, pakuti mitengo yonse iwiri inalembedwa poyera. Koma ndipo pamene panagona malonda.

Wailesiyo inapangidwa mwanzeru. Thupi lace linali poto weniweni wa aluminiyamu, wa mainchesi 9, wopanda cogwirira. Pa mabowo pace anaikapo sefa wa waya kuti mphemvu ndi nyerere zisalowemo. Inagwira mafunde a shortwave, amene amayenda mtunda wautali, kotero kuti mau a ku Lusaka anafika ku Fort Jameson, kumene lero ndi ku Chipata, ku Nyasaland ndi ku Southern Rhodesia komwe. Pa miyezi 3 yoyamba zinagulidwa wailesi 1,500, ndipo amene ananena kuti munthu wakuda sadzagula anacita manyazi.

Tsono masamu a batire lija ndi awa. Batire limodzi linali kugwira nchito maola ngati 300. Sileni imodzi inali makobiri 12, cotero masileni 25 anali makobiri 300. Maola 300, makobiri 300: ola liri lonse limene wailesi inalankhula, kobiri limodzi linaturuka m'thumba, kobiri lija lobooka pakati. Banja lomvera maola 3 madzulo ali onse linatha batire pa masiku 100. Mabatire 4 anali masileni 100, ndiwo £5 eni eni. Ndiye kuti pakupita masiku 400, caka ndi mwezi umodzi ndi masiku ocepa, banjalo linali litagulanso wailesi yaciwiri, koma m'nyumba munali ikadali imodzi yomweyo, ndi milu ya mabokosi akufa kuseri kwa nyumba.

Cifukwa cace wailesi inadya cotere cinali m'mimba mwace. Munali timababu 4 ta galasi tochedwa valve. Kababu kotere sikagwira nchito kali kozizira. M'kati mwace muli kawaya koyenera kutenthedwa nthawi yonse, monga mbaula imene ifuna makala cingakhale palibe cophika. Motero bokosi lija linali ndi mabatire a mitundu iwiri m'kati: lina la mphamvu ya mavoti 1.5 lotenthetsa tiwaya, lina la mavoti 90 loyendetsa mau. Kucepetsa mau sikunapulumutse kanthu kweni kweni, pakuti moto uja unayakabe. Njira yosungira batire inali imodzi yokha, ndiyo kutseka.

Kwa anthu ambiri a pa nchito £5 inaposa malipiro a mwezi wathunthu. Ku migodi, kumene malipiro anali kuwerengedwa pa tikiti ya masiku 30 a nchito, ndiko kunali ogula ambiri. M'mwezi wa October 1952 bungwe la anchito a m'migodi, lotsogozedwa ndi Bambo Lawrence Katilungu, linaimitsa nchito masabata 3 pofuna kuti malipiro akwere ndi masileni 2 ndi makobiri 8 pa tsiku. Woweruza mlanduwo, Bambo C. W. Guillebaud, kuciyambi kwa 1953 anaonjezera a malipiro otsika sileni imodzi ndi makobiri 2 pa tsiku. Amenewo ndi makobiri 14, ndipo m'nyumba ya wailesi makobiri 3 mwa iwo anali ndi mwini kale dzuwa lisanalowe.

Cifukwa ca ici wailesi inakhala ndi malamulo ace m'nyumba zambiri. Mwana sanaloledwe kuikhudza. Bambo anaitsegula pa nthawi ya nkhani, naitseka pamene cilankhulo cosamveka ciyamba, pakuti nyumba ya Central African Broadcasting Station inagawa maola ace pakati pa Cinyanja, Cibemba, Citonga, Cilozi, Cishona, Cindebele ndi Cingerezi. Anansi anabwera kudzakhala pa khonde, ndipo mwini wailesi, ngakhale analemekezeka, ndiye yekha analipira makutu a onsewo.

Kodi kobirilo linatayika cabe? Iai. Munthu wa ku Chipata wogwira nchito ku Nkana kapena ku Luanshya anali kukhala zaka osaona kwao. Pa ndondomeko yochedwa Zimene Mwatifunsa, iye analemba kalata ku Lusaka kupempha nyimbo ndi kupereka moni kwa abale ace, ndipo dzina lace linachulidwa m'maiko atatu usiku umodzi. Anamva nyimbo za Alick Nkhata, amene anagwira nchito pa nyumba imeneyo, ndi ng'oma za kumudzi zojambulidwa ndi anthu oyenda ndi galimoto m'midzi. Amai, amene ku holo kuja sanafikeko, tsopano anamvera ali pa mphika. Pa zonse zimene kobiri likadagula m'tauni masiku amenewo, zocepa zinapambana ola limeneli. Colakwa cinali pa uyo yekha amene anagula wailesi osawerenga cakudya cace, nakhala ndi poto wa buluu wosalankhula pa tebulo kuyambira pakati pa mwezi mpaka tsiku la malipiro.

Cimene cinapha wailesi ya poto cinabadwa iyo isanafike n'komwe m'sitolo. M'mwezi wa December 1947, ku Bell Laboratories ku America, John Bardeen ndi Walter Brattain, ogwira nchito pamodzi ndi William Shockley, anapanga transistor. Kanthu kameneka kamacita nchito ya valve popanda kutenthedwa. Wailesi yoyamba ya transistor yogulitsidwa, Regency TR-1, inaturuka mu 1954, ndipo makampani a ku Japan monga Sony anatsatira msanga. Pofika nthawi ya ufulu wa Zambia mu 1964, wailesi inali itasanduka cinthu conyamula pa phewa kapena comanga pa njinga, coyenda ndi mabatire a tochi. Mtengo wa ola unatsika kwambiri. Komabe sunathe. M'zaka za m'ma 1970 Zambia inatsegula fakitale yace ya mabatire ku Mansa, imene inaima nchito m'zaka za m'ma 1990, ndipo pa zaka zobvuta zimenezo anthu anaphunzira kuyanika mabatire otopa pa dzuwa kuti afinyemo nkhani za madzulo amodzi.

Lero munthu wa ku Kitwe kapena wa ku Matero amanyamula m'thumba foni imene iri wailesi, kanema, kalata ndi banki pamodzi. Iyonso iri ndi mitengo iwiri, koma waciwiriwo sulembedwa pa zenera monga unalembedwera wa batire lija. Wailesi ya poto inali ndi pakamwa pamodzi. Foni iri ndi patatu.

Pakamwa poyamba ndi pa mabandulo a intaneti, ogulidwa ku MTN, Airtel kapena Zamtel. Awa amawerengedwa ndi kucuruka kwa zinthu zolowa m'foni, osati ndi maola, ndipo ndico cifukwa cace amanyenga maso. Mau okha sadya zambiri: wailesi yomvera pa intaneti pa liwiro la 64 kbps imadya ma MB ngati 29 pa ola, kotero kuti 1 GB ifika maola ngati 35. Zithunzi zoyenda zimadya mowirikiza kambirimbiri, ndipo pa Facebook ndi pa TikTok zimayamba zokha, cina cikatha cina n'kulowa, popanda munthu kupempha. Bambo wa 1950 anadziwa kuti dzanja lace liri pa cotsekera. Mdzukulu wace amangodabwa ndi uthenga wakuti bandulo yatha. Ndiponso mabandulo ambiri ali ndi tsiku lao lofera, agwiritsidwe nchito kapena ai.

Pakamwa paciwiri ndi pa magetsi. Kuchaja foni m'nyumba ya magetsi sikudya ndarama yoti munthu n'kuiona. Koma m'caka ca 2024, cilala citacepetsa madzi a ku Kariba, nyumba zambiri m'matauni zinakhala maola 20 kapena kuposa pa tsiku zopanda magetsi. Pamenepo anthu analipira kuti achajitse foni kwa eni majenereta, ena nagula tiziwiya ta mphamvu ya dzuwa, ndipo mtengo waciwiri uja unaonekera poyera monga mwa kale.

Pakamwa pacitatu ndi pa batire lenilenilo. Batire la foni siligulidwa miyezi itatu iri yonse, koma limakalamba. Likadzazidwa ndi kutha kwa mazana angapo, mphamvu yace imacepa, ndipo kutentha kumalikalambitsa msanga. Foni yosiyidwa pa dzuwa kapena pansi pa pilo pochaja imaonongeka nthawi yace isanakwane. Apa nzeru ya makolo ya kuyanika mabatire ndiyo yoopsa, pakuti batire la lithium likatenthedwa limatupa ndipo likhoza kuyaka. M'mafoni ambiri a tsopano batirelo linamatidwa m'kati, motero kulisintha kufuna mmisiri. Anthu a ku migodi ali ndi cibale ndi kanthu kameneka: muli mkuwa, mulinso cobalt, imene mbali yace yaikuru pa dziko lonse imakumbidwa ku Congo, tsidya lina la malire, pa mzere womwewo wa miyala umene uli pansi pa Chingola ndi Chililabombwe.

Palinso njira ina yogulira imene a 1949 sanailote. Magetsi a dzuwa ndi mafoni ena tsopano amagulitsidwa pa ngongole yolipira pang'onopang'ono, tsiku ndi tsiku kapena sabata ndi sabata, kupyolera pa foni yomweyo. Njirayi yathandiza mabanja amene sakadatha kupeza ndarama yonse pamodzi. Koma m'kati mwa katunduyo muli loko. Malipiro akadumpha, nyali imazima kapena foni imatsekeka, wogulitsa ali kutali osacoka pa mpando wace. Cotero munthu asanasaine ayenera kucita cimene wochenjera uja anacita pa zenera: kutenga ndarama ya tsiku limodzi, kuicurukitsa ndi masiku onse a ngongole, kuonjezapo ya cikole, ndi kulinganiza zonsezo ndi mtengo wogula kamodzi. Kawirikawiri kusiyana kwace kumakhala kwakukuru, ndipo mabandulo sanawerengedwe m'menemo.

M'mafoni ambiri otsika mtengo muli cinthu cimodzi cimene sicidya bandulo konse, ndico wailesi ya FM. Iyo imatola mau mumlengalenga monga inacitira ya poto, osadzera pa intaneti, ndipo imadya batire pang'ono pokha. Mafoni odula ambiri anaicotsa, motero pa ici wa foni ya mabatani apambana wa foni ya galasi. Kuti igwire, mafoni ambiri amafuna kuti mahedifoni a waya alumikizidwe, ngakhale munthu afune kumvera pa sipika, cifukwa wayayo ndiye mlongoti wace. Ndi nchito yomweyo imene unali kugwira waya uja womangidwa kucokera pa zenera kufika pa mtengo wa mango, m'makomboni a ku Mufulira zaka 70 zapitazo.