Za Kumanga Kachikwama pa Sutikesi ya Magudumu

Abale athu a m'migodi ndi m'mapulazi a dziko lino la Zimbabwe, nkhani ya lero ioneka yaing'ono, koma ikhoza kuliritsa munthu wamkulu wandevu pa chipata cha Nyamapanda. Tirikunena za munthu wopita kumudzi amene ali ndi sutikesi yokoka, ija ya magudumu, ndipo ali nakonso kachikwama kena kosowa dzanja lokanyamula, pakuti dzanja linalo lagwira mwana kapena thumba la kamba wa pa njira.

Makolo athu analibe vuto lotere. Pobwera kuno ambiri anayenda pansi kudzera ku Tete ndi ku Mutoko, mtolo pamutu, ndipo ena anakwera malole a Ulere, amene boma la Southern Rhodesia linaika kumapeto kwa zaka za m'ma 1930 kuti azitenga antchito osalipira. Pobwerera, iwo amene sanachone ananyamula bokosi la malata lokhoma ndi loko, nakwera sitima ya njira ya ku Beira, nawoloka Zambezi pa mlatho wa Dona Ana umene unatsegulidwa mu 1935. Bokosi lija linali lolemera ndithu, koma munthu amakhalapo, amatsamirapo, ndipo kumanga bulangete pamwamba pake sikunafune nzeru za kusukulu ai.

Sutikesi ya magudumu inachokera ku America. Bernard Sadow analandira kalata ya umwini wa luso lake mu 1972, ndipo mu 1987 Robert Plath, woyendetsa ndege, anapanga ija yoimirira, ya magudumu awiri ndi chogwirira chosolola, imene tiriona tsopano paliponse. Anthu amenewa anaganizira pansi posalala pa mabwalo a ndege. Sanaganizire munthu wa ku mgodi amene wagona kwa achibale ku Glen Norah, nadzuka mbandakucha kukoka katundu wake m'msewu wa maenje ndi mchenga kufikira pokwerera kombi, kenaka natsika m'piringupiringu wa ku Mbare Musika kapena ku Roadport, kumene mabasi a maulendo atali anyamukira. Pa njira yotere kachikwama kongosanjika pamwamba sikatha mayadi khumi kasanatembenukire kumbali, ndipo sutikesi yonse ipotoka nako, nipotolanso dzanja la mwini wake.

Tsono taonani mamangidwe ake. Chogwirira chija ndicho timipope tiwiri topyapyala. Ntchito yake ndiyo kukoka, si kusenza. Mukasanjika katundu wolemera pamwamba, kulemera konse kutsamira pa timipopeto, ndipo tikangopindika pang'ono chogwirira sichilowanso m'malo mwake, ndiye kuti mudzayenda nacho chiri chotuluka mpaka kumudzi, ngati sichithyokera m'buti ya basi. Chotero zolemera zonse, monga nsapato, sopo, shuga ndi zitsulo za ntchito, zikhale m'sutikesi pansi peni peni, pafupi ndi magudumu. Pamwamba pakhale chopepuka chokha.

Kachikwamako mukagoneke chopingasa, msana wake utagunda timipope. Zikwama zina ziri ndi kansalu kumbuyo kolowetsamo chogwirira. Ngati chanu chiri nako, mwapeza mwai. Ngati chiribe, tengani lamba wa thalauzi, kapena chitenje chopinda, kapena mphira yodula ku chubu cha galimoto, ija anthu a njinga amangira nayo matumba a makala. Muzungulize kachikwama ndi timipope tonse tiwiri pamodzi, osati kamodzi kokha, pakuti chomangidwa pa kampope kamodzi chizungulira ngati chitseko. Mupitirize chingwecho m'zogwirira za kachikwama, kuti ngakhale mfundo ilefuke, kachikwama kalendewere, kasagwe pansi inu osadziwa. Zingwe za mphira za m'sitolo, zokhala ndi mbedza zachitsulo kunsonga, ife sitizikonda konse: mbedza ikapulumuka iuluka molunjika kunkhope, ndipo munthu wa ntchito ya pansi pa mgodi adziwa yekha mtengo wake wa diso.

Iripo njira ina imene ambiri saidziwa, yokomera sutikesi ya magudumu awiri. M'malo mosanjika pamwamba, mukolowetse kachikwama pa chogwirira chachifupi cha pamutu pa sutikesi, kalendewere kutsogolo, kotsikira m'munsi. Mukapendeketsa sutikesi kuti muikoke, kulemera kwa kachikwama kukhala pamwamba pa magudumu, ndipo dzanja lipepukidwa modabwitsa. Koma pa ija ya magudumu anai, yoyenda chiriri, sizitheka bwino. Imeneyo ifuna katundu wochepa pamwamba, ndipo m'mchenga muikoke chopendeka monga inzake.

Tifike tsono pa mutu weni weni wa nkhani. Mfundo yanu igwire pa njira, koma ikhale yomasuka ndi kukoka kumodzi pa khomo la basi. Pakuti pamenepo katundu apatukana ndi mwini wake: sutikesi ilowa m'buti kapena m'ngolo ya kumbuyo, pansi pa matumba a anthu ena, ndipo anyamata opakira, amene kuno awatcha mahwindi, sayembekezera munthu wolimbana ndi mfundo ndi mano. Iwo anyamula zonse pamodzi naponya. Ngati m'kachikwama muja munali pasipoti, mankhwala a tsiku ndi tsiku, foni ndi makalata a kuntchito, zonsezo zapita pansi pa mulu. Ulendo wa ku Blantyre uli ngati makilomita 600, ndipo uli ndi malire awiri: wa Nyamapanda ndi Cuchamano polowa m'Mozambique, ndi wa Zobue ndi Mwanza polowa kwathu. Pa malire onse awiri munthu atsika basi pasipoti iri m'manja. Wofuna kuti amfukulire katundu wake pa Nyamapanda achedwetsa basi lonse, ndipo mau amene adzamva kwa anzake sitingathe kuwalemba pa tsamba lino. Ndalama zokha zisakhale ngakhale m'kachikwamako. Zimenezo malo ake ndi pathupi, m'kati mwa zovala.

Iwo amene akwera ndege pa bwalo la Robert Gabriel Mugabe akumbukire kuti kumanga zikwama ziwiri pamodzi sikuzisandutsa chimodzi pamaso pa woyesa katundu. Makampani ambiri alola makilogalamu 7 okha olowa nao m'kati, pamodzi ndi kachikwama kakang'ono ka m'manja, ndipo pa makina ounikira katundu chiri chonse chipita pachokha. Kumenekonso mfundo yomasuka msanga ndiyo ifunika.

Mukatsika ku Wenela mu Blantyre, malo amene anatenga dzina kwa kampani ija yolemba anthu a ku migodi ya ku Joni, musataye mphira yanu. Patsogolo pali minibasi, ndipo kumene msewu wa tala uthera magudumu aja alibenso ntchito. Sutikesi idzakwera pa keriyala ya kabaza, ndipo mphira yomweyo ndiyo mudzaimangira.