Kuteteza Kunsi kwa Nyumba Yamatabwa Yokhala pa Nsanamira

M'mayiko ozizira monga Canada, Norway ndi kumpoto kwa United States, anthu ambiri amamanga nyumba zazing'ono zamatabwa m'nkhalango ndi m'mbali mwa nyanja, ndipo m'malo mokumba maziko amazikhazika pa nsanamira zamitengo kapena zakonkire, kotero kuti pakati pa nthaka ndi matabwa opondapo pamatsala mpata woti munthu n'kukwawamo. Kamangidwe kameneka n'kotsika mtengo ndipo kamathandiza pamalo otsetsereka ndi pa lowe, koma kamasiya kunsi kwa nyumba pamtetete, mphepo yozizira ikuwombapo usana ndi usiku. N'chifukwa chake eni nyumba amayalako zotchinga kuzizira, zomwe ndi zinthu zopepuka zosunga mpweya m'timipata tambirimbiri monga mmene limachitira bulangeti. Tsoka lake n'lakuti malo ofunda ndi ofewa amene amakomera munthu amakomeranso mbewa, ndipo chotchingacho chikanyowa chimawoletsa mitanda imene chagundana nayo. Motero amisiri odziwa ntchito amayamba ndi kuthamangitsa madzi, kenako amaganizira za tizilombo, ndipo nkhani ya kufunda imabwera pamapeto.

Thabwa siliwola chifukwa cha kukalamba, koma chifukwa cha tizomera ta mtundu wa bowa timene timadya mtengo ukakhala wonyowa kwa nthawi yaitali, ndipo akatswiri a matabwa amagwirizana kuti mtengo umene chinyezi chake sichipitirira magawo 20 pa 100 alionse suwola. Madzi oyamba kulimbana nawo ndi a mvula, chifukwa denga lopanda ngalande limawakhuthulira m'mphepete mwa nyumba, ndipo popeza madzi saiwala khwawa, pakakhala kadzenje kunsi kwa nyumba amadikha pomwepo chaka ndi chaka. Nthaka iyenera kuunjikidwa mwakuti ikhale yokwera pansi pa nyumba n'kumatsetserekera kunja mbali zonse. Kutalika kwa nsanamira nakonso n'kofunika, moti malamulo a kamangidwe otchedwa International Residential Code, amene amatsatidwa m'madera ambiri a United States, amanena kuti mitanda yonyamula matabwa opondapo ikakhala pafupi ndi nthaka kuposa mamilimita 457, kapena mitanda ikuluikulu ikakhala pafupi kuposa mamilimita 305, mitengo yake iyenera kukhala yothiridwa mankhwala oletsa kuwola kapena ya mtundu wosawola msanga.

Ngakhale nthaka yooneka youma imatulutsa nthunzi mosalekeza, ndipo umboni wake ndi wapafupi, chifukwa pepala lapulasitiki losiyidwa pabwalo usiku limapezeka m'mawa lili ndi timadontho kunsi kwake. Pofuna kutseka njira imeneyi, amisiri amayala pulasitiki yochindikala pafupifupi mamilimita 0.15 panthaka yonse ya kunsi kwa nyumba, zidutswa zake zikupitirirana ndi masentimita osachepera 15, kenako amatsindira ndi miyala kuti mphepo isayalule. Ngati m'mbali mwa nyumba mwatchingidwa ndi matabwa kapena njerwa kuti mpatawo usaoneke, pamafunika mazenera ang'onoang'ono olowetsa mphepo, ndipo malamulo omwe aja amafuna kuti kukula kwa mazenera onse pamodzi kusachepere gawo limodzi mwa magawo 150 a malo amene atchingidwawo, kupatula ngati nthaka yaphimbidwa ndi pulasitiki.

Chinyezi chovuta kuchimvetsa ndi chimene chimachokera mumpweya. Mpweya wofunda umanyamula nthunzi yambiri kuposa wozizira, ndipo ukakhudza chinthu chozizira umasiyapo madzi, monga mmene botolo lochokera mufiriji limachitira thukuta likaikidwa patebulo mwezi wa Okutobala. M'dziko lozizira mpweya wofunda uli m'nyumba, mmene anthu amaphikira ndi kupuma, choncho chotchinga nthunzi chimayalidwa pamwamba, pafupi ndi matabwa opondapo. M'dera lotentha ndi lachinyezi, makamaka ngati m'nyumba muli makina oziziritsa mpweya, zinthu zimatembenuka, pakuti nthunzi imachokera panja n'kukasanduka madzi pamatabwa ozizira, ndipo chotchingacho chimayenera kukhala kunsi. Cholakwa chimene chawonongetsa nyumba zambiri ndi kukuta mitanda ndi pulasitiki pamwamba ndi pansi pomwe, popeza madzi amene alowa pakabowo kamodzi amasowa potulukira, ndipo mtengo umawolera m'kati mwini wake osadziwa.

Zotchinga kuzizira zilipo za mitundu ingapo ndipo uliwonse uli ndi pofooka pake. Chotsika mtengo ndi fibreglass, yomwe ndi ulusi wagalasi wowunjikana ngati thonje, koma ikanyowa imalemera n'kulendewera, ndipo pakangotsala mpata pakati pa iyo ndi matabwa opondapo mphepo imadutsamo ntchito yake n'kutha. Ubweya wopangidwa ndi miyala yosungunula ndi wolimbirako, sumwa madzi msanga ndipo sugwira moto. Palinso mabolodi a thovu louma la pulasitiki, amene amakhomedwa kunsi kwa mitanda yonse n'kumatidwa ndi tepi m'malumikizo, ndipo ubwino wake ndi wakuti mitanda imakhala mbali yofunda, kumene thukuta silingapangike. Komabe chiswe ndi nyerere zoboola mitengo zimakumba tinjira m'thovu limeneli ngakhale sizilidya, ndipo n'chifukwa chake m'madera a chiswe chambiri sililoledwa kufika pafupi ndi nthaka.

Palibe chotchinga kuzizira chimene pachokha chingaletse mbewa, popeza mbewa imalowa pabowo la mamilimita 6 okha, kukula kwa pensulo, pamene khoswe amafuna mamilimita pafupifupi 12. Kunsi konse kumayenera kukutidwa ndi pulayiwudi kapena sefa yawaya wosachita dzimbiri ya maso osapitirira mamilimita 6, yokhomedwa mothinana, ndipo malo ofunika kuwayang'anitsitsa ndi pamene padutsa mapaipi ndi mawaya amagetsi, chifukwa thovu lopopera limene ambiri amatsekera mipata yotere mbewa imalitafuna usiku umodzi. Waya wa khola la nkhuku suthandiza chifukwa maso ake ndi aakulu. Kuopsa kwa nkhaniyi kunaoneka mu 2012 ku Yosemite National Park ku California, kumene alendo 10 anadwala matenda a hantavirus ndipo atatu anamwalira. Kachilombo kameneka kamalowa m'thupi munthu akapuma fumbi losakanikirana ndi mkodzo kapena ndowe za mbewa, ndipo ofufuza anapeza kuti ambiri mwa odwalawo anagona m'tinyumba ta ku Curry Village, m'pakimo, ta makoma awiri ophatikiza, mmene mbewa zinkakhala m'zotchinga kuzizira zapakati pa makomawo.

Nzeru yotsekera tizilombo pa nsanamira penipeni ndi yakale kwambiri. Nkhokwe za ku Galicia ndi Asturias ku Spain, zotchedwa hórreo, zimakhala pa zipilala zovekedwa mwala waphanthiphanthi pamwamba, ndipo khoswe akakwera chipilala amalephera kuyenda chadodolido kunsi kwa mwalawo. Ku Norway nyumba zosungira chakudya zotchedwa stabbur zimamangidwa pa mfundo yomweyo, ndipo ku Malawi ndi Zambia alangizi a zaulimi akhala akulimbikitsa alimi kuveka miyendo ya nkhokwe malata opindidwa ngati chipewa. Ku Queensland, m'dziko la Australia, nyumba zamatabwa zokhala pa nsanamira zimaikidwa kachipewa kalata pamutu pa nsanamira iliyonse chifukwa cha chiswe. Kachipewa kameneka sikapha chiswe ndipo sikachiletseratu, koma popeza chiswe chimaopa kuuma ndipo chimayenda m'tinjira tomata ndi dothi, chimakakamizika kumanga njira yake mozungulira lata, poyera pamene diso lingaione.

Apa m'pamene pagona phindu lenileni la nyumba yokhala pa nsanamira, lakuti mdani aliyense wochokera munthaka ali ndi njira zowerengeka zokwerera, ndipo njirazo zingathe kuyenderedwa. Phindu limeneli limatayika mosavuta, pakuti mulu wa nkhuni wosungidwa kunsi kwa nyumba, makwerero amatabwa okhudza dothi kapena chitsamba chotsamira khoma zimasanduka mlatho wodumpha zipewa zonse zija. Mwini nyumba wosamala amakwawira kunsi kamodzi kapena kawiri pachaka, makamaka mvula ikangotha, atanyamula tochi ndi sikuludiraiva, ndipo amafufuza tinjira tadothi pa nsanamira, ndowe za mbewa pasefa ndi mabanga a madzi, kwinaku akubaya mitanda kuti amve ngati ikadali yolimba. Pa chifukwa chimenechi amisiri ena amamanga zokutira za kunsi ndi masikuluwu m'malo mwa misomali, kuti chigawo chimodzi chizitha kumasulidwa, mitanda n'kuonedwa, chigawocho n'kubwezedwa pamalo pake tsiku lomwelo.